Mamailosi a Mayi Hruska

Linali Lachisanu madzulo, mwezi wa Febuluwale, ndipo tinkalowetsa magalimoto m'holo ya pabwalo lachiwonetsero monga tinkachitira chaka chilichonse. Kunja chipale chofewa chinali cholekeza m'mawondo. M'katimo munkanunkhira polishi, khofi ndi masoseji a Darlene Pruitt, wapampando wa kalabu yathu ya magalimoto akale.

Ine ndine Lowell Brandvold. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu makiyi a holo imeneyo ankagona m'thumba mwanga. Panalibe malipiro. Kungoti pagulu la anthu okonda magalimoto awo kuposa akazi awo pamafunika munthu mmodzi woti onse amukhulupirire, ndipo munthuyo ndinali ine. Ndinkanyada nazo, sindibisa.

Lamulo la ozimitsa moto linali lodziwika: galimoto iliyonse yogona m'holo ikhale yopanda petulo, ndipo batire likhale lomasula. Ndinkayendera ndekha ndi tochi, imodziimodzi, ndisanatseke.

Womaliza kufika anali Merle Tietjen, mnzanga wa kusukulu, akukoka ngolo yotseka. Atatsegula, tonse tinathamangira kukasuzumira. Inali Buick ya 1958, yobiriwira, penti yake yomweyo ya ku fakitale. Sanailize. Amuna anayi anaitsitsa chokankha.

"Osagwira penti!" anakuwa Merle. "Kankhani pa bampala. Magolovesi ali kuti?"

"Achimwene, kodi mwabweretsa galimoto kapena dzira?" ndinamufunsa.

"Sekani, a Lowell. Lamlungu muona amene atenge chikho."

Chikho chimene ankanenacho chinali cha magalimoto akale omwe sanakwanitse mamailosi 10,000. Anamata khadi pagalasi, pomwe analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti 9,988. Anajambulanso mita ya mamailosi ndi foni yake.

Galimotoyo tonse tinkaidziwa. Inali ya Mayi Opal Hruska, omwe nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa bwalo lomwelo. Amuna awo, a Emil, anaigula yatsopano, ndipo pasanathe zaka zitatu anamwalira. Kuyambira pamenepo mayiwo sankapita nayo kumsika kapena kutchalitchi. Ulendo wake unali umodzi basi: Lamlungu lililonse kumanda, mamailosi atatu kupita, atatu kubwera. Anali aafupi kwambiri, moti kumsewu tinkangoona chipewa ndi magolovesi oyera pa chiwongolero. Maso atayamba kuwavuta anaitsekera m'shedi.

Tsiku lomwe anamugulitsa Merle ndinalipo, ndinathandiza kuikankha. Mayiwo anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi anayi. Anamugwira Merle pamkono.

"Muzikamuonetsa Emil Lamlungu," anatero. "Ankaikonda."

"Musadandaule, mayi, ndizipita," anayankha Merle, maso ali pa mita.

Khirisimasi isanakwane mayiwo anatisiya. Merle anatengera galimotoyo kwawo, mamailosi makumi anayi kuchokera kuno, n'kuifunditsa nsalu m'galaja. Zaka ziwiri osailiza ndi kamodzi komwe. Ine zinkandiwawa, ndipo pakamwa panga sipasunga. Ndinkamukumbutsa kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Tsiku lina pamsonkhano wa kalabu ndinachita kunena anthu onse akumva kuti, "Galimoto yosayenda ndi bokosi la maliro. Ndidzaiba imeneyi ndikaiwongole miyendo." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka.

Lachisanu lija ndinayendera magalimoto onse, ndinazimitsa magetsi, ndinakhoma chitseko chachikulu ndi chaching'ono, n'kupita kukagona.

M'mawa mwake ndinatsegula holo isanakwane seveni. Ndikuthira khofi, ndinamva Merle akuitana dzina langa ndi mawu omwe ndinali ndisanawamvepo.

"Tabwerani muwerenge apa."

Ndinasuzumira pazenera. Mita inkati 9,994.

"Mwina munalemba molakwika," ndinatero.

Anandionetsa chithunzi cha dzulo pafoni. Chinkati 9,988. Ndinagwada. Matayala anali onyowa, ndipo pansi pa galimoto panali timadzi.

Darlene anabwera akupukuta manja pa epuloni. Ena anasiya nsalu zawo za polishi n'kutizungulira.

"Makiyi a holo ali ndi ndani?" anafunsa Merle, ngati sakudziwa.

"Nanga kiyi wa galimoto ali ndi ndani?" ndinamubwezera. "Batire ndi lomasula. Thanki ndi youma. Ikayenda bwanji?"

"Munthu amene wakhala makaniko zaka makumi anayi akundifunsa ine zimenezo? Si paja munati mudzaiwongola miyendo?"

"Zinali nthabwala zija, inu!"

"Mamailosi asanu ndi limodzi si nthabwala."

Darlene sanandiyang'ane kumaso. "A Lowell, ine sindikunena kanthu," anatero. "Koma mawa nambala ikasinthanso, mundipatse makiyi."

Tsiku lonse la Loweruka ndinali ngati galu woba mazira. Anthu omwe ana awo ndinawaphunzitsa kusintha tayala ankati akandiona n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale. Wina ndinamuona akuwerenga mita ya galimoto yake n'kulemba nambala pachikhatho. Mtima unandipweteka kwambiri.

Nane ndinali ndi maganizo anga. Merle anali ndi mlamu wake yemwe ankasirira makiyi aja kuyambira kale. Kapena panali wina wofuna chikho chomwecho. Mamailosi ena asanu ndi limodzi okha, Buick ija ikanakwana 10,000 ndendende n'kutuluka mu mpikisano. Ndinkayang'ana aliyense, aliyense akundiyang'ana ine.

Madzulo anthu atabalalika ndinamuuza Merle kuti tigone momwemo tonse awiri.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ndinatero. "Inu mundilondere ine, ine ndikulondereni inu."

Anavomera mosaseka. Anazunguliza choko pansi, kutsata tayala lililonse. Anakhoma zitseko za galimoto, kiyi n'kumumangirira pachingwe m'khosi mwake. Kenako anatenga mpando wopinda n'kukhala pakati penipeni pa chitseko chachikulu, msana atatsamira chitsulo. Ine ndinakhala pafupi ndi Buick, mbali yokwerera wapaulendo. Tinasiya babu limodzi loyaka.

Magalimoto makumi asanu ndi limodzi anali ndandanda mumdima, ena ofunditsidwa nsalu. Mphepo inkagwedeza malata. Nthawi ndi nthawi ndinkamva Merle akutsegula fulasiki.

Cha m'ma faivi koloko mphepo inaleka.

Choyamba ndinamva kuzizira kumapazi, ngati wina watsegula chitseko. Ndinayang'ana kwa Merle. Anali maso, kapu ili m'manja. Chitseko chinali chotseka.

Kenako kunabwera fungo. Silinali la polishi kapena la petulo. Linali fungo la maluwa ongothyola kumene, pakati pa Febuluwale.

Kenako kaphokoso, khethe. Kabatani kokhomera chitseko cha galimoto, mbali yangayo, kanali katadzuka kokha. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono mpaka chinandigunda bondo.

Ndinafuna kuitana Merle. Koma mawu ena ananditsogolera.

"Lowell," anatero mawu ochokera m'katimo, aang'ono, odekha. "Takwera, mwanawe. Maso angawa saonanso bwino. Dzulo ndavutika ndekha."

Sindikumbuka kuti ndinakwera bwanji. Ndikukumbuka msewu. Ndikukumbuka nkhokwe zazitali za chimanga zikudutsa kudzanja lamanja, kenako mlatho wachitsulo uja. Tinkayenda pang'onopang'ono, injini ikung'ung'udza bwinobwino ngati yatsopano. Pakona pa diso langa ndinkaona magolovesi oyera pa chiwongolero. Kumaso sindinayang'ane. Mungandinene wamantha, koma sindinayang'ane.

"Pali chobwera uko?"

"Palibe, mayi," ndinadzimva ndikuyankha.

"Katsegule geti."

Chotsatira chinali kugogoda pagalasi. Kunali kutayera. Darlene anali ataima panja pa galimoto, kiyi wapadera wa holo wochokera ku ofesi ya bwalo ali m'manja, ndipo kumbuyo kwake kunali anthu ngati khumi. Ine ndinali m'galimoto ya Merle, m'holo, nsapato zanga zikudontha madzi pa kapeti wa 1958.

Mita inkati 10,000.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Ndinayesa kutuluka, koma zinavuta. Mpando wakutsogolo wa magalimoto amenewa ndi umodzi wautali, woyendetsa ndi wapaulendo amakhalira limodzi. Unali utakokedwa kutsogolo mpaka pamapeto, mawondo anga atapanikizika pa dashibodi. Ine ndi wamtali, pakhomo lililonse ndimawerama. Atandithandiza kutuluka ndinaloza mpandowo.

"Taonani nokha! Ine ndingayendetse mpando uli chonchi? Ndipo mwandipeza mbali iti?"

Wina anaika dzanja pa boneti n'kulichotsa msanga, panali potentha. Atatsegula anapeza batire lili chimasulire. Matayala onse anayi anali m'kati mwa choko muja, osaphonya ndi pang'ono pomwe.

Darlene anatembenukira kwa Merle. Kiyi anali akadali m'khosi mwake. Nkhope yake inali ngati phulusa.

"A Merle, inu munali pachitseko usiku wonse. Mwaona chiyani?"

Ndinamuyang'ana mnzangayo. Tinakhalira benchi imodzi kusukulu. Paukwati wake ndinali kumbuyo kwake. Mawu ake amodzi okha akanandiwombola.

"Ndinagona," anatero, akuyang'ana pansi. "Sindinaone kanthu."

Linali bodza. Mpando wake sunalinso pakati pa chitseko. Unali pambali, kukhoma, pomwe munthu amaima akamapatukira galimoto. Khofi anali atatayikira pa thalauzi lake lonse. Koma kuti anene zimene anaona, akanayenera kunenanso za lonjezo lija, ndiponso kuti iye, Merle Tietjen, anapatukira munthu wakufa. Anasankha kuti wakuba ndikhale ine.

Darlene anatambasula dzanja. Ndinatulutsa makiyi m'thumba n'kumupatsa. Anali ofunda. Ndinatuluka m'holo muja osatenga ndi fulasiki yanga yomwe, ndipo m'galimoto mwanga ndinalira ngati mwana.

Chikho chinapita kwa munthu wina wa ku Nebraska. Makiyi anapatsidwa mlamu wake wa Merle.

Nkhani sinathere pomwepo, chifukwa tauni yathu ndi yaing'ono. Wosamalira manda anauza mkazi wake, mkazi wake anauza a kusaluni, kuti Lamlungu lija m'mawa anapeza mizere ya matayala opyapyala, achikale, pa chipale. Inalowa pageti, inakafika pamanda a Emil Hruska, n'kubwerera. Pageti pokha panali mapazi a nsapato zazikulu, pomwe wina anatsika kukatsegula. Mbali ya woyendetsa kunalibe phazi ndi limodzi lomwe. Ena amati umenewo ndi umboni woti ndinali ine. Ena amatsitsa mawu n'kunena kuti mayi aja anadikira zaka ziwiri, ndiye galimoto yawo itangobwerera kuseri kwa nyumba yawo, anadzatenga okha zomwe analonjezedwa. Onsewo akandiona m'sitolo amandipatsa moni wachangu.

Merle sanabwerenso ku chiwonetsero chilichonse. Koma Lamlungu lililonse, kaya kugwe mvula kaya chipale, Buick yobiriwira imadutsa pakhomo panga cha m'ma naini, kulowera kumlatho wachitsulo. Penti yayamba kuthetheka. Mita ija pano iyenera kuti inapitirira 30,000.

Mwezi watha ndinamupeza Merle akuthira petulo mu Buick ija. Ndinaima pambali pake. Mpando uja unali pomwe paja, kutsogolo mpaka pamapeto. Merle ndi wamtali ngati ine, ndiye kuti amayenda mamailosi makumi anayi mawondo atagunda chiwongolero, koma sanaubwezepo.

"Achimwene," ndinatero, "zaka zisanu zakwana. Tangopitani kwa Darlene mukanene zimene munaona. Makiyiwo sindikuwafunanso. Ndikufuna dzina langa."

Anatseka thanki pang'onopang'ono.

"Ndinagona, a Lowell," anatero.

Kenako anasuzumira m'galimoto mopanda munthu muja, n'kuyang'ana wotchi yake.

"Tandipatukirani. Sakonda kuchedwa."