Mamita Makumi Atatu Oyezedwa M'chilimwe

Nkhaniyi ndi yoona, ndipo mboni yake ilipo: mayi amene amakolopa maofesi a khonsolo, munthu wosadziwa kuthira mchere nkhani. Madzi amene ndikunenawa anawafinya ndi manja awo.

Pakhonsolopo panali mkulu woona za chilengedwe, amene anzake ankamutcha Tepi chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'thumba mwake. Munthu akafuna kumanga m'mbali mwa nyanja, Tepi ankayenera kukayeza mamita makumi atatu kuchokera pamene madzi amalekezera nyanja ikadzaza. M'kati mwa mamita amenewo simumangidwa kanthu.

Tsiku loyeza malo a nyumba zatsopano kunali m'chilimwe, nyanja itaphwa. Kuti apeze malire enieni anafunika kuyenda m'mabango, kufunafuna zipsera za madzi pamitengo ndi kufunsa asodzi, ntchito ya tsiku lathunthu. Dzuwa linali likuswa mtengo, iye atavala nsapato zatsopano. Anangoyambira pamene madzi anali tsikulo, pafupi ndi pomwe galimoto ya omangawo inamutsitsa, n'kuwerenga makumi atatu, n'kusaina. Sanadye chiphuphu ayi, tisamunamizire. Unali ulesi chabe, ndipo chimandipweteka n'chimenecho.

Mabango anadulidwa, dambo linakwiriridwa, nyumba zinamangidwa. Mlongo wake wa Tepi wamng'ono, namwino, anapeza yoyandikira madzi kwambiri.

"Achimwene, poti anasaina ndinu, ine ndizigona tulo," anatero akumuonetsa makiyi.

Tepi anayang'ana makiyiwo. Anangoyamikira matailosi.

Mvula itayamba, fayilo ya nyumbazo inayamba kupezeka yonyowa. Ofesi inali m'mwamba, denga silinkadontha, mafayilo oyandikana nayo anali ouma gwa. Tepi ankaiyanika pawindo, koma m'mawa ankaipezanso ikuchucha, pansi pa kabati patadikha madzi. M'chipindamo munkanunkha matope ndi mabango owola.

"Bwana, madzi awa si a pampopi," anatero mayi wokolopa uja monong'ona. "Muli mchenga."

"Ingopukutani, mayi."

Kenako kunabwera achule. Masanasana, foni zikulira, ankamveka m'kabati yachitsulo. Ukatsegula, zii. Ukatseka, ayambanso.

Tepi sanafunikire womumasulira. Analemba kalata yopita ku komiti ya khonsolo, kuvomera kuti anayeza molakwika ndi kupempha kuti anthu asamutsidwe msanga. Koma zinali zitatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndipo ankaopa manyazi kuposa china chilichonse. Kalatayo inagona m'dirowa masabata atatu. Tsiku lililonse ankati mawa.

Lachitatu anaimbira mlongo wake.

"Madzi afika pati?"

"Ali pampanda, achimwene. Anzanga akuti tithawe, ine ndawauza kuti mchimwene wanga anayeza."

"Chabwino," anatero Tepi. Anadula foni.

Lachinayi m'mawa, cha m'ma teni koloko, mvula inali itavumba masiku atatu osalekeza. Achule anangoti zii. Tepi anamva mapazi pamasitepe, opanda nsapato, akumata pasimenti. Anali kubwera pang'onopang'ono. Fungo la matope linafika poyamba. Chitseko chinatseguka.

Anali mlongo wake, atavala zovala zogonera, tsitsi likudontha. Anakhala pampando wa alendo, manja pamiyendo. Sanali kunjenjemera.

"Iwe, wayenda bwanji pamvula chonchi?"

Namwinoyo anamuyang'ana. M'maso mwake munalibe mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Achimwene, munayambira pati kuyeza?"

Tepi anatsegula dirowa kuti amuonetse kalata ija. Apo foni ya patebulo inalira, iye n'kuinyamula. Anali mlonda wa kunyumbazo. Madzi anali atakumba pansi pa maziko, khoma la nyumba yakumapeto, ya mlongo wake uja, linagwa m'bandakucha. Anthu ena onse anali atathawa dzulo lake. Amene anatsala anamutulutsa cha m'ma eyiti, atazizira kale.

Tepi anatembenuka. Pampando panalibe munthu. Madzi okha ankadontha pansi, dontho limodzilimodzi.

Kalata ija anaipereka maliro atatha. Komiti inaiwerenga, inailemba m'maminitsi, n'kupitirira ku mfundo yotsatira. Tepi anasiya ntchito yekha. Amene amamuona amati amayenda m'mabango otsalawo opanda nsapato, akuyang'ana zipsera pamitengo, ntchito imene palibe anamutuma.

Ena pakhonsolopo amati bamboyo anangosokonezeka mutu ndi chisoni. Mayi wokolopa uja satsutsana nawo, amangonena zomwe anaona. M'mawa umenewo anali atagwada pamasitepe ndi ndowa yawo pamene mtsikana wonyowa anawadutsa akukwera. Atafika pamwamba anaima, n'kuyang'ana mapazi a matope amene anasiya pomwe iwo anali atangokolopa kumene.

"Pepani mayi, ndakudetserani," anatero. "Sindichedwa, ndangobwera kudzafunsa achimwene."

Mayiwo anakhala pamasitepepo mpaka masana. Njira yotulukira ndi yomweyo, koma sanamuone akutsika.