Telala Wosabweza Nsalu

Amake Kabatani ankasoka pakhonde la sitolo ya eni, pakati pa wokonza nsapato ndi wogulitsa maloko. Makina awo anali achikale, oponda ndi phazi, lamba wake wolumikiza ndi waya. Ntchito yobwera inali ya zigamba ndi mazipi othothoka basi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anthu anamutcha Kabatani chifukwa cha masaya ake obulungira, ankasewera pansi pa tebulo ndi tinsalu totsala.

Tsidya la msewu, mlamu wawo anali ndi chipinda chosokeramo cha mawindo agalasi, makina atatu ndi atsikana omuthandiza. Amake Kabatani akayang'ana kumeneko, mtima unkawawa ngati wabayidwa ndi singano.

"Alamu, musanagule ngakhale ulusi, khalani pansi mulembe pulani," mlamuyo ankatero. "Mudzasokera ndani? Nsalu ndi lendi zidzadya zingati, inu n'kutsala ndi chiyani? Manja anuwo amatha madiresi angati patsiku? Nanga makina akafa, kapena mwana akadwala, ntchito ya anthu agwira ndani? Ine ndinayamba ndi pepala limodzi."

"Pepala amavala?" ankayankha amake Kabatani. "Ine ndikufuna makasitomala, osati homuweki."

Tsiku lina masana anapita kwa sing'anga wina wokhala kuseri kwa owotcherera zitsulo. Anali munthu waukhondo, malaya osita bwino, mawu otsika ngati a namwino.

"Mukufuna makasitomala angati, mayi?"

"Ambiri. Osatha."

"Nanga mumatha zovala zingati patsiku?"

"Sindinawerengepo."

Sing'anga anamwetulira. "Anthu osawerenga ndiwo ndimawakonda." Anatulutsa kachithumwa kakuda, kosokedwa ndi ulusi wofiira. "Mukamangirire kunsi kwa chopondera. Malamulo ake ndi opepuka. Wobwera ndi nsalu musamubweze. Dzanja la wina lisakhudze ntchito yanu. Tsiku limene mwalonjeza, chovala chikhale chatha."

"Chikachedwa?"

"Telala nsalu ikamuperewera amatani?"

"Amadula pena n'kulumikiza."

"Eya. Ifenso timadula pena. M'nyumba mwanu simusowa podula."

Amake Kabatani anaganiza za makatani ndi zofunda, nati, "Palibe vuto."

Anthu anabweradi ngati nyerere pa shuga. Akwati, makwaya, masukulu ofuna mayunifolomu, onse ankadutsa galasi la mlamu n'kuima pakhonde paja. Amake Kabatani anachita lendi sitolo yonse, nagula makina a magetsi, nasamutsira chithumwa kunsi kwake. Wokonza nsapato ankawaseka kuti, "Bwana, mukagula galimoto ine ndiye dalaivala." Aliyense ankauzidwa mawu amodzimodzi: "Siyani, mudzatenge mawa."

Koma manja anali awiri okha. Diresi loyamba litachedwa, m'mawa anaveka Kabatani siketi yake ndipo inatsetsereka mpaka m'mapazi. Anaibweza m'chiuno n'kuiwala. Mayunifolomu atachedwa, nsapato za mwanayo zinayamba kuvuka akamayenda. Mayi aja anatenga tepi, namuyeza pachifuwa, m'chiuno ndi msinkhu. Anayezanso kachiwiri. Mwana sanali kuwonda kokha ayi. Anali kufupika.

"Amama, mukundisokera chatsopano?"

"Eya, mwanangu. Ima bwino."

Tsiku lomwelo analumbira kuti wobwera aliyense amubweza. Analowa mayi wina ndi nsalu za anamwali a ukwati. Amake Kabatani anatsegula pakamwa kuti akane, koma lilime linanena lokha: "Siyani, mudzatenge mawa." Anayesa kutchula mwezi wamawa, lilime linati mawa. Anatseka chitseko, anthu anaponyera nsalu pawindo. Anagwada kuti adule chithumwa, sizasi inabuntha ngati yadula mwala.

Nsalu zinaunjikana mpaka kudenga, kuwala kwa pawindo kunatsekeka. Panatsala kanjira kamodzi kochokera pakhomo kufika pa makina. Kwa sing'anga sakanatha kupita, pakuti kudzuka pampando kunali kuchedwetsa chovala china, ndipo chovala chochedwa chinali mnofu wa mwana.

Mlamu uja anabwera, naona Kabatani atagona pa mulu wa nsalu, wochepa ngati khanda. Anapita naye kuchipatala, koma madokotala sanapeze nthenda. Atabwerako anaima pakanjira kaja n'kuyang'ana milu yonse.

"Alamu, nsalu zimene mumalandira patsiku simungazimalize ngakhale pa sabata. Mawa ngongole ya ntchito idzaposa ya lero. Nditumize atsikana anga."

"Asakhudze!"

"Ndiye bwezani zina kwa eni ake."

"Sindingathe."

"Kodi munalonjeza chiyani, kwa ndani?"

Amake Kabatani sanadzutse mutu. Misozi inkagwera pa nsalu ya eni, makina ali kulira. Anangoti, "Mundiikire mwanayo apa ndizimuona."

Mlamu anamugoneka m'kabasiketi ka ulusi pambali pa makina. Mayi ankasoka diso limodzi pa singano, lina pa kachifuwa kokwera ndi kutsika. Ankathamangitsa makina mpaka zala kuchucha magazi, koma pakhomo mzere sunkatha. Dzuwa likupendeka, pamene eni zovala za tsikulo anayamba kubwerera chimanjamanja, kachifuwa kaja kanatsika osakweranso.

Pa maliro, azimayi atazungulira kabokosi, munthu wina wachilendo anaima pakhomo ndi nsalu m'khwapa. Amake Kabatani anadzuka pamphasa, napukuta m'maso, nalandira nsaluyo ndi manja awiri. "Siyani, mudzatenge mawa."

Eni nsalu anadzatenga zawo, sitolo inalandidwa, makina anagulitsidwa. Mpaka lero amake Kabatani amakhala pansi m'mbali mwa msewu, phazi likuponda mpweya, manja akukankha nsalu yosaoneka, osapuma, osalola munthu kuwagwira dzanja.

Dyera limaitana katundu osayamba layeza msana. Amene akana kukhala pansi kuti adzifunse zimene manja ake angathe, adzapeza wina womulembera pulani, ndipo pulani ya wachithumwa phindu lake ndi la iye mwini. Kuthamanga sikufika. Chuma chobwera ndi lamulo la mumdima chimalipidwa ndi chinthu chimene sungachigulenso.