Bowa Wodontha Magazi

Idesi anayamba kuzula bowa m'nkhalango ya Dzalanyama ali kamtsikana, ndipo utale, ndelema kapena manyame ankawazindikira ngakhale kusanayere. Koma bowa amene anamupeza m'mawa wina anamuimitsa mutu. Anali wotuwa, wa tsinde lonenepa, ndipo atamuthyola anadontha timadzi tofiira, tofunda. Anamera pansi pa msuku umodzi wokha, kuseri kwa thanthwe, mondondozana pa malo otalika ngati mphasa yoyala.

Anamutengera kwa Memory, mtsikana wa ku Lilongwe amene ankachita lendi ku Mitundu. Ntchito yake inali yofufuza mitundu ya bowa, kuumitsa ndi kuika m'maenvulopu, chinthu chimene amayi a pamsika ankachiseka kuti sukulu ikachuluka munthu amasunga ndiwo ngati makalata.

Memory atamuona bowayo anatsegula kope lake msanga.

"Mayi, uyu m'mabuku mulibe. Bowa wotereyu sakhala yekha. Timaulusi take timakulunga mizu ya mtengo, iye amaupatsa madzi, mtengo umamudyetsa. Mtengo ukafa nayenso amafa. Tikakumbe, titsatire mizu, tidziwe mnzake ndani, ndiye tim'patse dzina."

Idesi, pakamwa posasunga kanthu, anakaifotokoza nkhaniyo pamjigo. Sanatchule malo, pakuti wozula bowa saulula pamene amazula.

Usiku womwewo zenera la Memory linaswedwa. Foni inasiyidwa patebulo, laputopu osaikhudza. Wakubayo anatenga maenvulopu okha.

Mawa lake kunabwera Mathews, mlamu wake wa Idesi. Iyeyu ndi mkulu wake Alick, mwamuna wa Idesi, ankaotcha makala limodzi m'nkhalangomo. Madzinja awiri apitawo Mathews anatulukamo yekha, n'kunena kuti Alick waolokera ku Mozambique ndi mkazi wina. Idesi anadya manyazi amenewo mpaka kuwazolowera, koma mtima sunavomere.

"Alamu," anatero Mathews motsitsa mawu, "ku msuku wa kuseri kwa thanthwe uja musakakumbeko. Kuli njoka."

Atachoka m'pamene Idesi anakumbukira. Za thanthwe sanauzepo munthu.

Usiku umenewo mvula inakata, ndipo kunagwa mdima woti dzanja lako lomwe osaliona. Achule anangoti zii nthawi imodzi. Kenako galu wake anauwa kawiri, kachitatu analira ngati mwana, n'kumveka chinthu cholemera chikugwa, thi! Idesi anakhala tsonga pamphasa, akumva munthu akupumira pachitseko, mpweya wolemera, wonunkha utsi wa makala. M'mawa anapeza galu pakhonde, mutu uli pawokha.

Anachita mantha, inde, koma mkwiyo unaposa. Usiku wotsatira anatenga khasu, anakadzutsa Memory, ndipo tambala woyamba anawalirira ali m'njira.

Asanafike anamva nkhwangwa ikulira patali, go, go, go, kenako inasiya. Msuku anaupeza utatemedwa kupitirira theka, zibanthu zili mbwee, zonyowa. Bowa yense anapondedwapondedwa, nthaka yafiira ngati pophera mbuzi.

"Mayi, tiyeni tibwerere," ananong'ona Memory. "Munthuyu ali pompano."

"Iwe unati titsatire mizu. Walitsa tochiyo."

Nthaka inali yofewa modabwitsa. Timaulusi toyera tinatsika pansi, Idesi akutitsata, mpaka khasu linakola nsalu. Chinali chipewa cha ulusi wobiriwira, chokhala ndi mzere wokhota pamene ulusi unam'thera iye mwini akumulukira Alick. M'kati mwake munali chigaza chong'ambika pakati, mizu ya msuku italowa m'maso n'kutulukira kukamwa.

"Bambo a Tiyanjane," anatero Idesi, akutchula mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo. "Ndiye ku Mozambique kwake n'kuno?"

Mathews anatumphuka kuseri kwa thanthwe nkhwangwa ili m'mwamba. Memory anatchinga ndi dzanja, fupa linalira, tochi inagwera m'dzenje. Idesi anamusasantha ndi khasu kumaso, mphuno inaphulika, koma mwamunayo anamugwira pakhosi n'kumugwetsera pa mafupa a mwamuna wake. Mathews ankamukanyanga uku akulira.

"Anafuna kukandinenera kwa alonda a nkhalango! Mkulu wanga weniweni!"

Mphepo panalibe, ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Koma msuku unalira ngati chitseko chakale, unapendekeka, n'kugwa mbali imene sunatemedwere. Unaphonya Idesi ndi chikhato chimodzi, n'kutswanya miyendo yonse iwiri ya Mathews. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kumidzi.

Alick anaikidwa mwaulemu. Mathews anadulidwa miyendo, ndipo podikira mlandu anamugoneka kwa mayi ake ku Nathenje, mudzi wa fumbi kumene msuku wotsiriza unatha kalekale. Memory, dzanja lili m'chikhakha, anatseka kope lake mwachisoni. Maenvulopu anapita, mtengo unafa, bowayo sadzaonekanso, ndipo dzina sadzakhala nalo.

Mvula ya chaka chotsatira itagwa, Idesi anagogoda kwa Memory atanyamula kambale kovindikira. Munali bowa wotuwa, akudontha.

"Mayi! Mwam'peza pansi pa mtengo wanji?"

"Palibe mtengo. Apongozi anandiitana ku Nathenje kuti ndikaone. Akumera m'nyumba, pansi pa mphasa ya alamu, kuyambira kumutu mpaka pamene panali mapazi. Akasesa madzulo, m'mawa wameranso. Alamuwo akungouma, chakudya akudya koma sichikuoneka."

Memory anayang'ana mbaleyo osaikhudza.

"Sizingatheke. Ameneyu sakhala popanda womudyetsa."

"Ndi zimene unandiuza," anatero Idesi, n'kuvindikira mbale ija. "Womudyetsa wam'peza."