Liwiro la ku Namiwawa

Anakumana pa depoti ya Limbe. Minibasi inanyamuka ndi chikwama cha Aminatu, mwini wake atatsika kukagula madzi. Anaithamangitsa atagwira mpango kumutu, n'kukaipeza pafupi ndi njanji. Analanda chikwama chake, ndipo anakana kukweranso.

Pakhomo pa shopu ina ya golosale, mnyamata wina ankaomba m'manja.

"Achemwali, mumathamangira kalabu iti?"

"Ndimathamangira chikwama changa basi."

"Ine ndine Suhail, shopuyi ndi ya bambo anga. Miyendo imeneyo musamaiwonongere minibasi!"

Aminatu ankasoka mayunifolomu pa fakitale ina ku Makata, ndipo sanali wotengeka msanga. Koma Suhail sanatope. Anamugulira nsapato zothamangira, n'kuyamba kumuphunzitsa m'mawa uliwonse akamaliza mapemphero a swala. Foni inkalira kusanache bwino: "Mbawala yanga, wadzuka? Popanda iwe msewu umanditalikira."

Ku Makata ankathamanga phewa ndi phewa, kumaseka, osaonedwa ndi munthu kupatula alonda atulo m'maso. Kumeneko n'kumene Suhail analonjeza.

"Tikadzamaliza mpikisano waukulu wa mumzinda uno, mendulo yanga ndidzakuveka iwe, anthu onse akuona. Kenako ndidzatuma akuluakulu kwa bambo ako."

"Usandinamize, Suhail."

"Ndikunamize iwe, mtima wanga?"

Panali chinthu chimodzi chokha chimene Aminatu sankachikonda. Akangolowa msewu wina wa ku Namiwawa, wa nyumba za mipanda italiitali, Suhail ankafuula kuti, "Apa ndi pa liwiro! Undipeze!" Basi wapita. Aminatu ankatsala kumbuyo, chifuwa chikutentha pachitunda, mpaka kukamupeza atamudikira pakona.

"Umandisiyiranji pomwe pano tsiku lililonse?"

"Akatswiri amatero, dalingi. Chitunda chimenechi udzachithokoza."

Anakhulupirira. Akanakayikira chiyani? Miyendo inkalimbadi.

Tsiku la mpikisano linafika. Anthu anadzaza misewu kuchokera ku Limbe mpaka m'tauni. Aminatu analowa m'sitediyamu ali m'gulu la akazi oyambirira. Anamuveka mendulo, koma maso ake ankafunafuna munthu mmodzi.

Anamupeza pansi pa tenti, amayi ake akumukupiza ndi nyuzipepala. Pambali pake panakhala mtsikana wokongola, mphete ikunyezimira pachala. Mendulo ya Suhail inali m'khosi mwa mtsikanayo.

Suhail anaimirira mwamantha.

"Amayi, awa ndi a Aminatu. Timakumana nawo pamsewu pothamanga."

A Aminatu! Dzulo lomweli anali mbawala, lero ndi "awa"?

Mtsikana uja anamugwira dzanja ndi chisangalalo chenicheni.

"Ine ndine Ruqayyah. Ndimakudziwanitu inu! M'mawa uliwonse ndimaima pawindo kwathu ku Namiwawa kuti ndimuone akudutsa, inu n'kumabwera kumbuyo kwake. Ndimamuseka kuti, 'Mlendo uja adzakupitirira tsiku lina.' Mudzabwere ku ukwati wathu mwezi wamawa, eti?"

"Zikomo," anatero Aminatu. Sanalire. Anatembenuka n'kumapita.

Pageti anamuimitsa bambo wina wa imvi, wezulo ili m'khosi.

"Mwana wanga, ine ndine Trevor, ndimaphunzitsa kalabu ya atsikana pomwe pano. Ndakuona ukukwera chitunda mumpikisanomu, liwiro limenelo unaliphunzira kuti?"

"Ndinaliphunzira mopusa, bambo. Ndipo ndasiya kuthamanga."

"Ambiri amatero akangomaliza, miyendo ikuwawa. Upume kaye. Ukasintha maganizo, timayamba dzuwa likamatuluka."

Kunyumba anaika nsapato zija mujumbo, n'kuziponya kunsi kwa bedi. Sabata yonse anangosoka. Masitepe a pa fakitale ankatsika chobwerera m'mbuyo chifukwa cha kuwawa kwa miyendo, anzake akumuseka. M'mawa ankadzukabe nthawi yomwe ija, n'kumangoyang'ana denga. Achite chiyani tsopano? Azitaye nsapatozo? Kapena kuthamangako kunali kwake, osati kwa Suhail?

Mauthenga sanasiye kubwera. "Mbawala yanga, andikakamiza ndi makolo." "Mtima wanga uli kwa iwe, wallahi." "Ndikamuuza Ruqayyah zoona, undipatse nthawi. Mawa malo athu aja, chonde!"

Aminatu sankafuna kumuweruza asanaone yekha. Anatulutsa nsapato zija.

Ku Makata Suhail analankhula njira yonse, pena kulumbira, pena kuchonderera.

"Sindikuchita nawe manyazi, Ami. Iwe ndiwe mpweya wanga!"

Aminatu anangoyang'ana kutsogolo. Ankangosunga mpweya wake.

Analowa msewu wa ku Namiwawa. Suhail sanafuule ngati kale, koma miyendo yake inachita zimene inazolowera. Anawonjezera liwiro. Aminatu anawonjezeranso, n'kukhala pambali pake penipeni. Suhail anakoka ndi mphamvu zake zonse, koma Aminatu sanatsale ngakhale phazi limodzi. Kutsogolo kunaoneka nyumba yosanja, nsalu ya pawindo itakokedwera mbali.

Suhail analankhula cha pansipansi, akupuma wefuwefu.

"Aminatu, tabwerera m'mbuyo pang'ono. Chonde, lero lokha."

Aminatu anamuyang'ana kamodzi. Nkhope yomwe ija, yokongola ndithu, koma maso ali kuwindo.

"Apa ndi pa liwiro, Suhail," anatero. "Undipeze."

Anakoka. Pawindo paja Ruqayyah anaomba m'manja, akuseka, osadziwa kanthu. Aminatu anamva chisoni, koma sanachepetse. Kumbuyo kwake nsapato za Suhail zinamveka kwa kanthawi, kenako zii.

Pakona paja sanaime. Misozi inabwera akutsika m'tauni, mashopu asanatsegule, ndipo anaisiya kuti iume yokha ndi mphepo. Analunjika ku Chichiri.

Pa sitediyamu atsikana anali atayamba kale kuzungulira. A Trevor anachotsa wezulo pakamwa.

"Wachedwa. Wabwera pa minibasi?"

"Ayi bambo, ndadzera ku Namiwawa."

"Wapansi? Ndiye thupi latentha kale. Lowa kumbuyo kwa anzakowo."

Aminatu anamanga bwino mpango wake.

"Kumbuyo ndiye ayi, bambo," anatero, n'kulowa m'bwalo.