Madzi Otentha Pansi pa Galimoto

Mbarka ndiye anayamba kuona kuti dothi la pansi pa galimoto yawo yogonamo silinkauma. Chigwereni nyumba yawo ndi chivomezi, iye, mwamuna wake Lahcen, apongozi ake a Ijja ndi khanda lawo Idir ankakhala m'galimoto yakaleyo, pafupi ndi bwinja lawo. Mvula inali isanagwe, koma m'mawa uliwonse pansi pa kachitseko ka giza, thanki yotenthetsera madzi ndi gasi, pankakhala ponyowa.

Usiku, mphepo ya m'mapiri ikaleka, ankamva kudontha: tho, tho, tho. Madziwo ankachokera pa kavalavu, kampopi kakang'ono ka gizayo, ndipo anali otentha.

"Otentha?" a Ijja anagwira pakamwa. "Mukuwathira madzi otentha eni nthaka, majini apansi, mumdima, popanda wonena Bismillah? Ndiye mukudabwa kuti mwana watentha thupi?"

Idir analidi atayamba kudwala. Masana ankayamwa, koma kukada ankalira mpaka mawu kusasa. Akazi kuchitsime ankanong'onezana kuti galimotoyo yaima pamene makolo ankaphera nkhosa, ndipo majini sachoka pamene panakhetsedwa magazi. A Ijja anawaza mkaka pamalopo kuti apepese majiniwo. Lahcen ananyamula kandodo ka valavu kuti zinyalala zituluke, nkukatsuka ndi viniga. Kunadonthabe. Kuzimitsa giza sakanatha, chifukwa kunkazizira koopsa ndipo a Ijja ankafuna madzi ofunda osambira asanaswali m'bandakucha.

Mbarka, poti sankagona, ankamvetsera.

"Bambo a Idir," ananong'ona, "ndaona kuti kamadontha moto wa giza ukakana kuzima wokha. Mwina kavalavuko sikanafe. Mwina thanki imapumira pamenepo."

"Wakhala makaniko liti iwe? Si iwe umathawa ndikamayatsa gasi?" anaseka Lahcen, koma maso ake anali ofiira ndi tulo. "Amayi akuti tikuwotcha apansi. Ndingotseka basi."

Madzulo ake anatseka pakamwa pa valavu ndi chitsekerero chachitsulo, nkuchimanga ndi sipanala mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Sipanalayo anaiponya pansi pa matiresi awo.

Usiku umenewo kunali zii. A Ijja anagona tulo tofa nato, Lahcen akuliza mkonono. Mbarka yekha ndiye anamva kuti moto wa giza sunaleke kulira. Kenaka kunayamba kubuula kwapansipansi, ngati ng'ombe yotsekeredwa m'khola lakutali, kuchokera kuseri kwa khoma limene Idir anatsamira. Mbarka anagwira khomalo, nkuchotsa dzanja msanga. Linkawotcha.

Anagwedeza Lahcen, koma iye anangotembenuka. Mbarka anakhala tsonga mumdimamo. Akatsegula valavu, awotcha eni nthaka, ndipo mwana adwalabe. Akasiya, chimene chikubuulacho chili pafupi ndi mutu wa mwana wake. Anasuntha Idir nkumugoneka kumapazi kwa agogo ake, anatenga tochi, natuluka.

Asanafike pakona ya galimoto anamva fwaaa! Nthunzi yoyera inaphimba kuwala kwa tochi, madzi akuthovoka pansi. Anazungulira patali, natseka silinda ya gasi. Kubuula kunachepa pang'onopang'ono mpaka kutha.

Nthunzi itapepuka anaunika. Chitsekerero chija chinali chitachoka pa valavu, koma sichinauluke. Chinali chitaimikidwa bwinobwino pamwala, chouma, chosaphwanyika paliponse, ngati mmene munthu amaikira kapu akamaliza kumwa tiyi. Pafumbi panali mapazi ake okha. Ndipo sipanala yomasulira chitsekererocho inali idakali pansi pa matiresi: anali ataimva ikumukanikiza m'nthiti pamene ankadzuka.

M'galimoto Idir anatsokomola, nkuyamba kulira, kulira kwa njala, kwamphamvu.

Mbarka anaima pomwepo, akuyang'ana dothi limene linkafukabe. Sanadziwe kaya awapepese eni nthakawo kaya awathokoze. Anachita zonse ziwiri, motsitsa mawu, kenaka analowa kukayamwitsa.