Amene Ankadya Kudenga

Madzulo amenewo galimoto ya boma inabwera kulokeshoni ya Glen Norah ndi bayisikopo. Anapachika chinsalu choyera pabwalo la sukulu, apolisi n'kumayenda khomo ndi khomo kuti aliyense akaonere. Wokana ndiye kuti ali ndi chobisa.

Mayi Amália chobisa anali nachodi. Amuna awo, a Severino, anali kudenga. Bambowa ankayendetsa lole ku Willowvale, ndipo apolisi atamva kuti amanyamula anyamata opita kunkhondo yolimbana ndi boma la azungu, iwo anakabisala pamwamba pa matabwa a siling'i amene anakhoma okha. Nyumba zake zija zogawana khoma, wakuseri akatsokomola umamva. Ndiye anapangana kuti kulankhula ayi. Mayi ankakankha thabwa pang'ono, kulowetsa mbale ya sadza, nsima ya kumeneko, n'kutseka msanga. Bambo ankagogoda kusonyeza kuti ali bwino. Dzinja lonse linatha choncho, osaonana nkhope.

Kubwalo kuja mayi anakhala kumbuyo, nkhope ili ndwii. Filimu yake yonyansa. Mitembo ataindandalika pansi ngati nkhuni, mzungu wina akulankhula Chishona chothyokathyoka, ati awa ndi magandanga, zigawenga za kutchire, onani mathero awo. Ana ali pomwepo, maso tong'o! Boma lanji loonetsa ana zoterezi? Agalu enieni.

Kenaka chithunzi chinaima pa nkhope ina. Chipsera cha pachibwano. Dzino lobenthuka. Malaya a chigamba chimene mayi anasoka ndi manja awo.

"Bodza," anatero chamumtima. "Ndawapatsa chakudya lero lomwe."

Inde, ndipo mbale inabwerako yopanda kanthu.

Anapirira mpaka filimu kutha, poti wonyamuka msanga apolisi ankamuyang'anitsitsa. Atafika kunyumba anakhoma chitseko, nayatsa kandulo. Kumwamba kunagogoda. Go, go. Monga mwa masiku onse.

Anakwera patebulo.

"Bambo," ananong'ona.

Anatchera khutu, naitananso.

"A Severino, yankhani. Lero lokha, chonde."

Go, go.

Apa mtima unawapsa. Anakankha thabwa lonse, nalowetsa mutu ndi kandulo yomwe.

Munalibe munthu. Bulangeti linali lopindidwa bwinobwino, fumbi lili mbuu, akangaude atamangapo nyumba. Pakona lata linali losunthidwa, mpata woti munthu wowonda n'kutulukira, ndipo thabwa la pamenepo linali litaola ndi mvula. Munthuyu anachoka kalekale. Osatsanzika! Kusiya mkazi akuphikira denga, akuyenda monyang'ama m'nyumba mwake momwe, iwo ulendo kukafera kutchire. Mwamuna wanji wochita zimenezi?

Nanga mbale ija? Makoswe amadya, inde. Koma makoswe sabweza mbale pakamwa pa thabwa. Makoswe sagogoda.

"Ndiwe ndani?" Mayi anaiwala za khoma, anaiwala zonse. "Wandidyera thukuta langa dzinja lonse, mfiti iwe! Ndiwe ndani?"

Kandulo inazima. Pafupi ndi khutu lawo china chake chinapuma, mpweya wozizira, wonunkha dothi lonyowa.

Anatsika chogwa, nakhala pansi pasimenti. Misozi inabwera, koma maliro a gandanga sankaliridwa, ukalira waitana apolisi. Anadzitseka pakamwa ndi chitenje.

Ndiye kudenga kuja kunayamba kulira. Mawu aamuna, okweza, osaopa munthu, kaliridwe ka kwawo ku Tete.

"Severino ine, mayo! Severino ine!"

Mpaka kunja kunayera.

Mzere wonse wa nyumba unamva. M'mawa kumpopi amayi ankanong'onezana kuti bambo uja watopa kudikira, wabwera kudzadzilira yekha poti amoyo akuchita mantha. Ena ankati si iyeyo, n'chinthu china chimene chinapeza malo ofunda. Wina akayandikira, onse chete, maso pa ndowa.

Mayi Amália anasesa pakhomo. Anatulutsa mipando panja, nayala mphasa za anthu odzapepesa, chitseko chili pululu, kuti wofuna kukanena akanene. Anthu ankadutsa mumsewu atazolika, anzawo a kutchalitchi omwe. Anakhala pamphasapo okha mpaka dzuwa kulowa.