Alamu a pa Foni

Anakumana pamalo okwerera basi, mvula ikukhuthuka. Mtsikanayo anali telala, ndipo anthu ankamutcha Nsingano chifukwa anali woonda komanso wa pakamwa pobaya. Mnyamatayo ankagwira ntchito muofesi. Anzake ankamuti Mataye, poti ngakhale Loweruka sankayenda khosi lili pamtunda.

"Chemwali, ambulera yangayi ndi ya anthu awiri," anatero Mataye. "Ndikafunda ndekha imadandaula."

Nsingano anaseka. Pasanathe mwezi, foni yake inali itadzaza ndi mauthenga a Mataye. "Wapamtima wanga, wadzuka bwanji?" "Ukapanda kuyankha, tsiku langa silicha."

Nsingano sanamubisire kanthu. Makolo analibe. Anali ndi achimwene ake okha, kalipentala waluso, koma wodwala matenda a maganizo. Akamamwa mankhwala ankapala matabwa ngati wina aliyense. Akasiya, ankamva mawu a anthu osaoneka, ndipo ankawathawira ku mowa.

"Amenewo ndi alamu anga," Mataye analemba. "Pomwe waima iwe, ine ndili pomwepo."

Kuyambira pamenepo tsiku silinkapita. "Alamu adya?" "Undiperekere moni kwa alamu."

Lachitatu lina achimwene anaswa galasi la sitolo ya mayi wina wogulitsa nsapato. Ankati m'galasimo muli munthu wowatukwana. Apolisi anawatenga.

Loya anamufotokozera Nsingano momveka bwino. "Woweruza angathe kuwatumiza kuchipatala m'malo mwa kundende. Koma pafunika anthu awiri osaina kuti akadzatuluka aziwaperekeza kwa dokotala sabata iliyonse. Woyamba ndinu. Wachiwiri ndani?"

Nsingano anamuimbira Mataye akulira.

"Pukuta misozi, mtima wanga," anayankha. "Cholembera ndagula kale!"

Tsiku la mlandu Mataye anabweradi, taye yofiira ili pakhosi. Achimwene analowa ali ndi unyolo, nsapato imodzi palibe, akuyankhula okha. Ena pa mabenchi anaseka. Mataye anacheuka, ndipo kumbuyo anaona abwana ake a kuntchito, amene anabwera kudzamvera mlandu wina.

"Bambo ovala taye," anaitana woweruza, "woimbidwa mlanduyu ndi ndani wanu?"

Mataye anaimirira. "Ine, bwana... ndangowaperekeza mayiwa. Ndi telala wanga."

Telala wanga! Nsingano anamva ngati wathiridwa madzi owira. Miyezi isanu ndi itatu ya "mtima wanga" yathera pa telala? Nanga alamu aja anali a pa foni pokha?

"Ngati palibe wachiwiri," anatero woweruza akutsegula faelo, "ndilibe kuchitira mwina."

"Alipo, bwana." Anali mayi wa nsapato uja, ataimirira.

"Inu? Si inu odandaula?"

"Ndine ndemwe. Galasi ndinaika kale lina. Mashelefu a m'sitolo mwanga anakhoma ndi bambo yemweyu, zaka zisanu sanagwedezeke. Kundende akamuchiza chiyani? Ndibwerekeni cholembera."

Anasaina. Nsingano anasaina pansi pake.

Panja, Mataye anamuthamangira. "Wokondedwa, ndimvetse. Abwana anali pomwepo! Akanamva kuti ndikukwatira kubanja la amisala..."

"Amisala! Dzulo anali alamu, lero ndi amisala?"

"Pakamwa pangoterereka, iwe."

"Sipanaterereke ayi. Lero ndiye pamene mwayankhula zoona." Aka kanali koyamba kumuyankhula ndi "inu" chikumaniraneni pa basi paja, ndipo Mataye anazimva. "Mukanangokana kalekale, ndikanafuna wina. Koma munanditengera mpaka pamaso pa woweruza kuti mukandigwetsere pamenepo. Mayi aja akanapanda kuimirira, achimwene anga bwenzi pano ali kuti? Munaganizako zimenezo?"

"Ndimakukonda, Nsingano."

Mwina ankamukondadi. Koma chikondi chimenecho chinalephera kugwira cholembera.

"Ndine telala wanu, eti? Chabwino, bambo. Jekete munandisiyira ija ndinamaliza kupinda. Mukaipeza pa msomali panja pa shopu. Musagogode."

Galimoto ya chipatala inaima pa geti. Wapolisi anamasula unyolo, ndipo achimwene anasisita mikono yawo, akuunguzaunguza m'khamu la anthu.

"Alamu aja sakwera nafe?"

Nsingano anawerama n'kuwavula nsapato yotsala ija.

"Mulibe mlamu, achimwene. Kwerani."